Mmene mungalembere kusiyana kwa mapulogalamu mu UVL

Pulogalamu yogulitsira m'sitolo ndi imodzi, koma wamalonda a mbatata ku Ulongue akufuna yogwira popanda intaneti, pomwe sitolo ya ku Moatize ikufuna M-Pesa ndi e-Mola. Musakopere khodi kawiri ayi. Lembani kusiyanako m'fayilo imodzi ya UVL (Universal Variability Language, chinenero cholembera mbali za pulogalamu ngati nthambi za mtengo), yomwe mapulogalamu ofufuzira a FeatureIDE ndi flamapy amatha kuwerenga, kuti gulu lonse lizimvana.

Yambani ndi mawu akuti features, pansi pake dzina la pulogalamuyo. Zosati n'kusowa, monga Risiti ndi msonkho wa IVA, zipite pansi pa mandatory. Zochita kusankha pansi pa optional.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi apa: alternative imalola chimodzi chokha basi, pamene or imalola chimodzi kapena zingapo. Mukaika Kashi, MPesa ndi eMola pansi pa alternative, sitolo yolandira zonse zitatu idzakanidwa.

Malamulo olumikiza nthambi zosiyana alembedwe pansi pa constraints, mwachitsanzo MPesa => Intaneti, kutanthauza kuti wosankha MPesa ayenera kusankhanso Intaneti. Samalaninso mipata yoyambira mzere, chifukwa ndiyo imasonyeza nthambi yomwe ili kholo ndi yomwe ili mwana.

Mukasintha chilichonse, yendetsani chofufuzira. Wina akawonjezera lamulo la !Intaneti, loletsa Intaneti, MPesa yafa pomwepo, palibe sitolo ingaisankhe, ndipo ndi maso okha simungazione msanga.