Momwe mungayendere chionetsero cha State Fair of Texas tsiku limodzi

Chaka chilichonse, kuyambira Lachisanu lomaliza la September, mzinda wa Dallas ku America umakhala ndi chionetsero cha masiku 24 pamalo otchedwa Fair Park. Chinayamba mu 1886, ndipo masiku ano chimakoka anthu opitirira 2 miliyoni. Amene anafikapo pa Trade Fair ya ku Chichiri angakhale ndi chithunzi pang'ono, kungoti kuno malowo ndi mahekitala oposa 110, ndipo mkati mwake muli bwalo la mpira, makola a ziweto, nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi msewu wathunthu wa zokwerakwera. Ukalowa mwachisawawa, umatuluka miyendo itatupa, m'thumba muli mbee, zabwino zenizeni usanazione. Ngati muli ku Texas nyengo imeneyi, yendani motere.

Choyamba, sankhani tsiku. Pali Loweruka lina mu October lomwe matimu a mpira wa ku America a University of Texas ndi University of Oklahoma amakumana m'bwalo la Cotton Bowl, lomwe lili pakati penipeni pa chionetserocho. Masewerawa akhala akuchitikira ku Dallas chaka ndi chaka kuyambira 1929. Theka la bwalo limavala zalalanje, theka lina zofiira. Ngati mpirawo ndiwo mwadzera, pitani. Ngati muli ndi ana kapena agogo, tsikuli lithaweni, chifukwa paliponse pamakhala mzere. Pakati pa sabata anthu amachepa, ndipo matikiti nthawi zambiri amatsikirako mtengo.

Chachiwiri, galimoto isiyeni. Kwerani sitima ya DART, ya Green Line, mutsikire pa siteshoni ya Fair Park. Chipata chili pomwepo. Valani nsapato zomwe munazolowera, ndipo musaiwale kuti ku Dallas kumatha kutentha kupitirira madigiri 30 ngakhale October atalowa.

Chachitatu, mukangolowa gulani makuponi. Zakudya ndi zokwerakwera zimalipiridwa ndi timapepala timeneti, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaluzira. Kung'amba timapepala sikupweteka mtima ngati kutulutsa madola, choncho munthu amazindikira mochedwa kuti ndalama zapita. Pangani chiganizo mukadali kunyumba kuti mugula angati, mugawire mwana aliyense ake, akatha atha. Otsala musataye, amagwirabe ntchito chaka chotsatira.

Kenako pitani mukapatse moni Big Tex. Ndi chidole cha mnyamata woweta ng'ombe chotalika pafupifupi mamita 17, chovala chipewa, jinzi ndi nsapato zazitali. Chimagwedeza dzanja, nsagwada zikuyenda, n'kumati "Howdy, folks!" Mbiri yake ndi yoseketsa: chinayamba ngati Father Christmas m'katauni ka Kerens mu 1949, achionetsero anachigula, n'kuchisintha zovala, ndipo chinaima ku Fair Park koyamba mu 1952. Pa 19 October 2012 chinapsa chifukwa cha vuto la magetsi anthu akuonerera, n'kutsala mafupa achitsulo ndi manja okha. Chomwe mukachione pano chinamangidwa mu 2013. Gwirizanani kuti amene wasochera abwerere pamapazi pa Big Tex, chifukwa amaoneka uli patali.

M'mawa kusanatenthe, lunjikani ku makola. Ine ndimaona kuti apa ndiye pali mtima wa chionetserochi, ngakhale alendo ambiri amangodutsapo atatseka mphuno. Ana a sukulu ochokera m'midzi ya Texas amabwera ndi ng'ombe, nkhumba, mbuzi ndi nkhosa zomwe akhala akuweta okha. Mukaima pafupi mudzaona kamtsikana kakusambitsa ng'ombe yolemera kuposa iko kangapo, kuiumitsa ndi makina opemerera mphepo, n'kupesa ubweya wa m'miyendo kuti uime. Polowa m'bwalo amagwira ndodo yaitali yomwe amakankhira ziboda kuti ng'ombe iime mowongoka pamaso pa woweruza, uku akuikanda pamimba kuti ifatse. Ziweto zopambana zimagulitsidwa pa okushoni, ndipo gawo la ndalamazo limapita ku maphunziro a achinyamata. Ngati munakulira pakhomo poweta, pano mutha maola awiri osazindikira.

Dzuwa likafika pamutu, thawirani m'nyumba. Zambiri mwa nyumba zikuluzikulu za pa Fair Park zinamangidwa mu 1936, pomwe Texas inkakondwerera zaka 100 chidzipatulireni ku Mexico, ndipo zili ndi zithunzi zazikulu zojambulidwa pamakoma. Yotchuka kwambiri ndi Hall of State. M'nyumba zina muli chionetsero cha magalimoto atsopano chomwe chinayamba mu 1913, ndipo palinso nyumba ya zaluso momwe mumakhala chosema chopangidwa ndi batala, chosungidwa m'chipinda chozizira chagalasi. Pomwepo palinso African American Museum. Ilowenimo, chifukwa mbiri ya malowa ili ndi mbali yowawa: kwa zaka zambiri anthu akuda ankapatsidwa tsiku lawolawo, ndipo mu 1955 achinyamata a NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, motsogozedwa ndi mayi Juanita Craft anachita zionetsero kutsutsa tsankho limeneli.

Pa nkhani ya kudya, yambani ndi corny dog ya Fletcher's, soseji yobaya pakamtengo, yoviika mu phala la ufa wa chimanga n'kukazinga. Akhala akuigulitsa pano kuyambira 1942, ndipo eni dera amaipaka mustard. Zinazo ndi mpikisano wa ogulitsa, womwe unayamba mu 2005, wofuna kuona yemwe angakazinge chinthu chodabwitsa kuposa mnzake. Anakazingapo Coca-Cola mu 2006, batala mu 2009. Gulani mbale imodzi mulawe nonse. Zambiri mwa izi zimakoma kuluma koyamba ndi kachiwiri basi.

Zokwerakwera zisungireni madzulo, chakudya chitatsika. Texas Star, gudumu lalikulu lotalika mamita pafupifupi 65 lomwe linafika mu 1985, limakoma magetsi a mzinda atayaka. Usiku kumakhalanso perete wa magalimoto okongoletsedwa ndi nyali. Muonereni mutaima chakufupi ndi chipata chomwe munalowera, kuti akangodutsa muthamangire sitima khamu lisanadzaze siteshoni.