Ma caperberry a m'botolo: kasungidwe na kaphikidwe kake

Zili m'botolo: ma caperberry, madzi, viniga na mcele.

Cipatsoci cilibe dzina m'Cinyanja, conco tasiya dzina lili pa botolo. Cimacokela ku citsamba cochedwa Capparis spinosa, cimene cimamela m'maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean monga Spain, Italy, Greece na Morocco. Musacisokoneze na ma caper. Ma caper ni tumaluwa tothyoledwa tusanamasule, tung'ono-tung'ono. Duwa likasiyidwa pa citsamba, m'pamene pamabeleka caperberry, cipatso cobiliwila, cocepelako kuposa impwa, cokhala na phesi lake na tunjele tambili mkati. Tunjeleto mungadye, tumamveka kukukutika pang'ono. Phesi n'logwilila cabe.

Liwu la pa botolo lakuti "pickled" lisakupangitseni kuganiza za acali ya mango ya mafuta na sabola. Apa litanthauza zoviikidwa m'viniga na mcele kuti zisaole. "Net weight" ni kulemela kwa zonse pamodzi na madzi, pamene "drained weight" ni kwa zipatso zokha madzi atakhetsedwa. Poyelekezela mitengo m'sitolo, yang'anani yaciŵiliyi.

Kasungidwe

Botolo losatsegula likhale pamalo ozizila, osafika dzuŵa. Ngati cotsekela catukumuka kapena cikudontha, musadye. Mukatsegula, ikani m'filiji, ndipo zipatso zonse zikhale zomila m'madzi ake, cifukwa zotulukila pamwamba zimauma na kucita nkhungu. Tapani na foloko youma, yoyela, osati zala kapena supuni yocokela m'poto. Malaiti akapita kwa maola angapo, mcele na viniga zimatetezabe, koma musamatsegule-tsegule filiji. Mukaona nkhungu, kapena madzi ayamba thovu na kununkha, tayani botolo lonse.

Kagwilitsidwe nchito

Siyofunika kuphika. Ku Spain amangoika m'kambale pamodzi na maolivi, chizi na nyama youmika, anthu n'kumatola na phesi. Laŵani cimodzi coyamba. Mcele ukakhala wambili, tsukani na madzi ozizila, kapena viikani mamineti 10.

Pa nsomba ya bream yokazinga ya anthu 4, cotsani mapesi pa zipatso 8 mpaka 10, muzidule pakati na kuzipukuta, cifukwa zonyowa zimathethetsa mafuta otentha. Sungunulani bata masupuni aakulu 2, ikani zipatsozo kwa mineti imodzi kapena aŵili, finyilani theka la ndimu, n'kuthila pa nsomba. Mu supu ya matimati muziika pothela, poto itatsala pang'ono kuphulidwa. Zikaŵila nthawi yaitali zimafeŵa phwetete, tunjele n'kumwazikana, mcele wonse n'kuloŵa m'supu. Ndiye musathile mcele m'ndiwo musanalaŵe.

Pa botolo pakalembedwa kuti n'zabwino mu "salad", sakunena saladi yophikila ayi. Akunena masamba osaphika, matimati na anyezi, kapena mbatatisi zoŵilitsa zozizila. Zipatso 5 kapena 6 zodula-dula zikwanila mbale ya banja.

Pa kapenta wouma kapena nsomba yamcele sizigwilizana, mcele umacita kupyola. Odwala BP na onse oletsedwa mcele adyeko pang'ono, atatsuka. Ana aang'ono muziwadulila, cifukwa cipatso cathunthu cingawatsamwe.