Malangizo: Database Ikakana Lamulo Losintha Character Set mu MySQL

Malangizo aya ni a inu amene musamala makompyuta m'maofesi, m'masukulu ndi m'masitolo a mu Lusaka, ndipo mufuna kusamutsa database yanu ya MySQL kucoka ku latin1 kapena utf8 kupita ku utf8mb4. Maina atatuwa ni a ma character set, kutanthauza mndandanda wa zilembo zimene database ingasunge.

Musanakhudze ciliconse, sungani kopi ya database yonse ndi mysqldump, pulogalamu ya MySQL yopangila kopi. Malaiti akathima nchito ili pakati, kopi imeneyo ndiye idzakupulumutsani.

Pulogalamu yoyendetsela database imakulembelani yokha lamulo la SQL mukasankha character set pa menyu, koma nthawi zina imalemba molakwika. Conde musafulumile kudina Apply. Yambani mwaŵelenga zimene yalemba. Mukaona ERROR 1064, yang'anani zinthu zitatu izi: mau akuti COLLATE angakhale atasiyidwa opanda dzina kutsogolo kwake, CHARACTER SET ingakhale itaikidwa pambuyo pa NOT NULL pamene malo ake ni pafupi ndi VARCHAR kapena TEXT, mwinanso yaikidwa pa column ya manambala monga INT, imene siifunikila character set n'komwe. ERROR 1253 itanthauza kuti pulogalamu yasintha character set koma yasiya collation yakale (njila yoyelekezela ndi kusanja zilembo), monga utf8_general_ci pa utf8mb4. Ziŵilizi siziyendela limodzi.

Zikatelo, lembani lamulo ndi manja anu, ndipo m'malo mwa makasitomala muike dzina la table yanu:

ALTER TABLE makasitomala CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4 COLLATE utf8mb4_unicode_ci;

Musacotse mau akuti CONVERT TO. Popanda mau amenewa, ma column akale atsala mmene analili, ndipo atsopano okha ndiwo alandila utf8mb4. Ambili amapusitsika pamenepa cifukwa seva siidandaula.

Nanga n'kuvutikilanji? Mu latin1 mulibe cilembo ca ŵ, conco "Malaŵi" amatuluka "Mala?i". Utf8 ya MySQL imafika pa ma byte 3 cabe, pamene emoji imafuna 4. Utf8mb4 inabwela mu MySQL 5.5.3 mu 2010 kudzatseka mpata umenewu.

Pa maseva akale mungakumane ndi ERROR 1071, cifukwa index (mndandanda wofulumizitsa kufufuza) siipitilila ma byte 767, pamene utf8mb4 imaŵelengela ma byte 4 pa cilembo ciliconse. Cepetsani VARCHAR(255) ikhale VARCHAR(191), koma yambani mwaona ngati mulibe mau aatali kuposa pamenepo. Ngati kopi yacokela ku MySQL 8.0 ndipo seva yolandila yakana utf8mb4_0900_ai_ci ndi ERROR 1273, tsegulani fayilo ya kopiyo, ndipo paliponse pamene pali dzinali mulembepo utf8mb4_unicode_ci.