Musanagulitse thumba ngakhale limodzi, yalani mkeka mukhale pansi awiri

Meyi wafika, chimanga chayamba kulowa m'nyumba, ndipo ku Ulongwe kuno mavenda apachika kale masikelo awo m'mitengo, nde ndati ndilembeko nkhani imene ndimakamba pafupifupi mudzi uliwonse umene ndimafikako ku Angonia ndi ku Tsangano. Siyokhudza mbewu yatsopano kapena mankhwala ayi. Ndi nkhani ya mkeka ndi timiyala basi, koma mabanja amene anaiyesa ndikawapeza mu Febuluwale amakhala akupuma bwinoko kusiyana ndi anzawo.

Ife alimi ndalama yathu imabwera kamodzi pachaka pomwe zofuna ndalama zimabwera miyezi yonse 12. Wogwira ntchito ku malasha ku Moatize akaononga malipiro a mwezi uno amadzakonza mwezi wamawa, koma ife tikaphonya mu Juni ndekuti tidikira Juni winayo. Komanso kwathu kuno sukulu imatsegulira kumayambiriro kwa chaka, nthawi yomweyo imene nkhokwe yapepuka, chimanga chakwera pamsika, munda ukufuna adubu (feteleza) wobereketsa ndi kupalira, malungo nawo avuta chifukwa cha mvula. Zoona boma linachotsa ndalama ya matirikula, yolembetsera mwana sukulu, mpaka kalasi 9, koma yunifolomu, makope ndi nsapato zikadali pamutu pathu, ndipo zonsezi zimagwa mwezi umodzi ngati zinachita kupangana.

Nde chimene ndimapempha ndi ichi. Mukamaliza kutonola ndi kuthira m'matumba, musayitane venda kaye. Sankhani tsiku limene simukuthamangira kwina, kaya Lamulungu madzulo mukabwera kutchalitchi, yalani mkeka, abambo ndi amayi mukhale pansi, ngati pali mwana wamkulu wodziwa kulemba abwere ndi kope. Tolani timiyala, kamwala kamodzi kaimire thumba limodzi la makilo 50. Ngati muli ndi nyemba, soya kapena kachewere, zimenezo ziimiridwe ndi njere kuti zisasakanikirane. Timiyala ndimatikonda chifukwa aliyense amationa ndi maso, amene anapita kusukulu ndi amene sanapite, palibe woti masamu amupitirira, ndipo dzanja la aliyense litha kusuntha kamwala.

Mulu woyamba ndi wa chakudya, ndipo umenewu suyamba ndi kukambirana koma kuwerenga pakamwa. Ine ndimawerengera matumba 6 pa munthu wamkulu pachaka ndi matumba 3 pa mwana wamng'ono. Tiyerekeze pakhomo pali abambo, amayi, agogo ndi ana ang'onoang'ono atatu. Akuluwo ndi matumba 18, anawo 9, pamodzi 27, nde muwonjezerepo atatu a alendo, maliro a pamudzi ndi aganyu amene mudzawalipire ndi chimanga, afika 30. Ngati munakolola 45, pamkekapo patsala timiyala 15 tokha, ndipo chuma chanu cha chaka chino ndi chimenecho, osati mulu wonse uja mumauyang'ana m'chipinda nkumamva kukoma mumtima.

Chaka china ndinakhala nawo pamkeka wotere pabanja lina cha ku Domwe. Abambowo anali ataika kale mtima pa njinga yamoto, ndipo sindiwanena chifukwa kumeneko njinga yamoto ndi miyendo, imafikitsa wodwala kuchipatala ndi katundu kumsika. Anakankhira timiyala tambiri mbali imodzi. Amayiwo anakhala phee kwa kanthawi akupukuta manja pachitenje, kenako anatambasula dzanja nkutenga timiyala tinayi kubweza ku mulu wa chakudya, nkunena motsitsa mawu kuti, "Bambo ake, lichero limakhala m'manja mwanga, chaka chatha ufa unatha anawa asanatsegulire sukulu." Abambo aja anayang'ana timiyala tija nthawi yaitali ndithu osayankha, mapeto ake anawonjezerapo okha kachisanu. Zimene amayi amadziwa za mmene ufa umathera abambo ambiri sitizidziwa, chifukwa ife timangoona nsima ili pa mbale, nchifukwa chake bajeti yopanga munthu mmodzi ali pa bawo kapena pa msika imaphonya chaka ndi chaka ngakhale munthuyo akhale wanzeru bwanji.

Pa timiyala totsalato yambani ndi munda wa chaka chamawa, mbewu ndi adubu, kenako sukulu, kenako ka matenda ndi zadzidzidzi. Zokhumba mtima, kaya malata, kaya foni, kaya njinga ija, zibwere kumapeto, ndipo zisasowe ayi, munthu wakhetsa thukuta chaka chonse ayenera kuona kanthu. Chitenje cha amayi ndi nyama ya pa Khirisimasi muziikenso kamwala kake poyera, chifukwa chimene sichinapatsidwe malo pamkeka chimadzatengedwa mobisa, nde mkangano umayambira pamenepo.

A fodya mundimvetse bwino apa. Ndalama ya fodya muziiwerenga kampani itadula kale ngongole ya zipangizo ndiponso mutapatula ya anthu amene anakuthandizani kuthyola ndi kusoka. Ndaona anthu akutenga katundu pangongole m'magolosale kuyambira mu Malichi podalira mabelo amene sanakwere nkomwe pasikelo, tsiku lolandira ndalama yonse nkuthera m'manja mwa eni ngongole asanafike nkunyumba komwe.

Mulu wa chakudya uja sungakuthandizeni ngati anankafumbwe audya. Chimanga chiume kaye mokwanira. Njira yosavuta yodziwira ndi ya mchere: tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo njere zodzaza dzanja ndi mchere wouma pang'ono, tsekani, khutchumulani nkulisiya kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo ndekuti chimangacho chikadali ndi chinyezi, chibwerere padzuwa. Chikauma, kaya muthira mankhwala osungira monga mwa malangizo a pa paketi, kaya mugwiritsa matumba aja a PICS okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, amene salowa mpweya nde tizilombo timafera momwemo popanda mankhwala, bola mumange pulasitiki iliyonse payokha ndipo isabooke. Matumba asagone pansi, ikani pa timitengo ndipo atalikirane ndi khoma. Ngakhale chogulitsacho musachitaye chonse mu Juni pamene aliyense akugulitsa ndipo mtengo uli pansi. Gulitsani chokwanira zimene zikufunika lero, china chidikire. Zimandiwawa kwambiri kuona munthu amene anagulitsa ndi ngolo mu Juni akudzagula ndi kambale mu Febuluwale, pena kwa venda yemweyo, chimanga chake chomwe.

Ndalama ikalowa musaisiye ikungokhala. M-Pesa ndi e-Mola zatithandiza, palibenso zokwirira ndalama mumphika, koma ndalama ya mufoni imatuluka mwakachetechete, lero mayunitsi, mawa m'bale wapempha, mkuja kubetcha mpira, pofika Okutobala mulibe kanthu ndipo simungathe kuloza chimene munagula. Ya adubu gulani adubuyo nthawi yomweyo muunjike m'nyumba pouma. Ya sukulu ikani ku gulu la popansa, lija kutsidya ku Dedza ndi ku Ntcheu amati banki m'khonde, kapena chitani shitiki, kusonkherana ndalama nkumalandira mosinthana kuja, ndi anthu amene mumawadziwa bwino. Ku gulu kuja kongolani pa chinthu chimene chibweze ndalamayo, monga mbewu ya kudimba kapena ka geni, osati kukongola kuti mubweze ngongole ina. Katapila yekha ndiye musamuyandikire nkomwe.

Ziweto nazo ndi nkhokwe ina. Nkhuku zisanu zimatha kulipira makope a mwana, koma pokhapokha ngati chitopa sichinazipulule, nde katemera uja wodontheza m'diso amene amaperekedwa mu Malichi, Julayi ndi Novembala musamuphonye, funsani ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi, kapena wotemera wa m'mudzi mwanu. Nkhumba zimabweretsa ndalama yabwino koma kuno ku Angonia chigodola tikuchidziwa tonse, katemera wake kuno kulibe ndipo chikalowa m'mudzi chimasesa, nde musaike chuma chonse m'khola la nkhumba, sakanizani ndi mbuzi.

Pali china chimene sichilowa m'thumba koma pamkekapo chiyenera kukambidwa, ndicho mphamvu za anthu. Mabanja ambiri amatsegula munda waukulu woposa manja amene ali pakhomo, nde ikafika nthawi yopalira udzu umawapitirira, pomwe chimanga chimafuna kukhala paukhondo makamaka masabata 6 oyambirira. Choipa kwambiri nchakuti ufa ukatha mu Januwale, banja lonse limapita kukapalira munda wa wina kuti lipeze chakudya cha tsikulo, wawo uli m'tchire, chaka chotsatira zokolola nkuchepanso, zimangozungulira choncho. Mulu wa chakudya ukakwana ndi umene umakusungani m'munda mwanu mu Januwale. Ndipo bola ekala imodzi yopaliridwa pa nthawi yake, yothiridwa manyowa, kusiyana ndi atatu ongowalawa.

Abambo anzanga, tsiku lina mudzangowerenga zimene amayi amachita kuyambira tambala woyamba. Kumunda mumapitira limodzi nkuwerukira limodzi, koma inu mukafika mumakhala pamthunzi pomwe iwo akuyamba kutunga madzi, kusaka nkhuni, kuphika, kusambitsa ana, kuchigayo. Nkhuni masiku ano zili kutali, mapiri amene tinkatolamo tili ana ayera chifukwa cha makala ndi mitengo ya zigafa. Mbaula yadothi yosatha nkhuni imaumbidwa ndi dothi la pompano, ndipo mitengo ingapo yobzala m'malire a munda ndi kuseri kwa nyumba pakatha zaka zochepa imachotsa ulendo wa kuphiri uja. Kutenga njinga nkukatunga madzi kapena kupita kuchigayo sikunachotsepo munthu ubambo. Ana nawo asalipire kuchepa kwa manja athu. Kuthandiza kumunda Loweruka ndi pa holide nkwabwino, ndi mmene tonse tinaphunzirira khasu, koma kumujombetsa mwana kusukulu chifukwa cha fodya ayi, ndiponso fodya wamuwisi wonyowa amalowetsa chikonga kudzera pakhungu, mwana amayamba chizungulire ndi kusanza inu nkumati ndi malungo.

Nthaka nayo ipatseni gawo lake, chifukwa ndi imene ikudyetsa onse akhala pamkekawo. Mapesi musawotche, kaya nchifukwa chosaka mbewa kaya kufuna kuti kusosa kuphweke, agonekeni m'munda kapena apite kudzenje la kompositi pamodzi ndi ndowe, phulusa ndi masamba aawisi, ndipo nthawi yopanga ndi inoyi, Meyi mpaka Julayi, kuti pofika mvula akhale atapsa. Manyowa sachotseratu adubu koma amachepetsa matumba amene mukanagula, komanso amasunga chinyezi. Ng'amba ija ya El Niño mu 2024, mvula itadula chimanga chili pafupi kumasula, minda imene ndinaiona ikulimbako masiku ochulukirapo inali yophimbidwa ndi mapesi ndi yamanyowa. Pamene panali chimanga chaka chino padzakhale soya, nyemba kapena mtedza chaka chamawa, mbewu zimenezi zimasiya chonde komanso ndi ndiwo ndi ndalama. Mukapeza kamtengo ka msangu kamera m'munda musakadule, kamayoyola masamba nthawi ya mvula nde sikaphimba chimanga, masambawo ndi manyowa aulere.

Ena munena kuti abambo kuno kulibe, ali ku Tete, ku Joni kapena kokumba golide ku Chifunde. Mkekawo uyalidwebe, imbani foni kapena jambulani timiyalato mutumize pa WhatsApp, kuti amene ali kutaliyo adziwe mwezi umene ndalama yake ikufunika kwambiri, m'malo mongotumiza pamene zamukomera. Apamitala, nyumba iliyonse ikhale ndi mkeka wake ndi mulu wake wa chakudya, osadzatapa kwina kukathira kwina mwakabisira.

Zimene mwagwirizana mwana uja alembe m'kope, ndipo mudzakhalenso pansi kawiri, mu Okutobala mvula isanagwe ndi kumayambiriro kwa Januwale, kuona ngati matumba akutha monga munawerengera. Banja la ku Domwe lija kope linasowa, nde amayiwo anangolemba timizere 30 ndi khala pakhoma la kuchipinda chosungira, thumba likatha nkufufuta kamodzi. Nditadutsako chakumapeto kwa Febuluwale anandilowetsa kuti ndikaone, panali patatsala timizere 7, ndipo abambo aja anali kudimba akuthirira kabichi amene amati adzawonjezera pa ndalama ya njinga ija.