Momwe mungakonzere galimoto ya turbo kuti ikathamange pa bwalo, pogwiritsa ntchito ma log a injini

Galimoto yanga ndi Subaru Impreza WRX ya 2003, injini ya EJ20, yobwera kuchokera ku Japan monga zambiri zomwe tikuyendera kuno. Ndimakhala ku Luchenza ndipo ntchito yonse ndimagwirira kuseri kwa nyumba, pansi pa shedi ya malata. Anyamata a ku Chitakale ndi ku Thyolo boma akhala akundifunsa momwe ndinaikonzera kuti ikathamange ku Zwartkops, bwalo la mipikisano ya magalimoto kufupi ndi Pretoria ku South Africa, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Za oyilo, mapulagi ndi lamba sindinena. Ngati galimoto ikudontha oyilo kapena mapaipi a intercooler (choziziritsa mpweya wochokera mu turbo) akupuma, konzani kaye zimenezo musanakhudze kompyuta.

Yambani ndi zipangizo. Pakufunika laputopu ya Windows yomwe batire lake limasunga moto, chingwe cha Tactrix OpenPort 2.0, ndi mapulogalamu awiri aulere. RomRaider ndi yowerengera ndi kusunga manambala a injini pamene galimoto ikuyenda (fayilo yake ndiyo log), EcuFlash ndi yotulutsira ndi kubwezeretsera mapu (matebulo a manambala oyendetsera injini) mu ECU, kompyuta yomwe ndi bongo wa galimoto. Kuwonjezera apo mugule sensa ya wideband, ya AEM kapena ya Innovate, yokuuzani kuchuluka kwa petulo poyerekeza ndi mpweya. Sensa yomwe inabwera ndi galimoto imalephera kuwerenga molondola petulo akachuluka, pomwe nthawi yoponda moto mpamene mukufunitsitsa kudziwa zoona. Wowotcherera aliyense wa pa Luchenza akhoza kukuikirani potchingira sensayo pa downpipe, paipi ya ekizozi ya kuseri kwa turbo, koma mumuuze kuti ipendekere m'mwamba kuti madzi a mu ekizozi asamadikhe pamenepo.

Chingwe musagule chotchipa. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja ukuwawa, ndipo pali anthu pa Facebook ogulitsa zingwe zooneka ndendende ngati zenizeni pa theka la mtengo. Chimodzi chotero ndinachigula ku Limbe, chinkadukiza pakati pa ntchito. Chikadukiza pamene mukulemba mapu mu ECU, galimoto siilira. Tizipangizo ta Bluetooth ta ELM327 ndi tabwino powerenga ma fault code, koma timachedwa kwambiri, moti injini ikhoza kugogoda (knock) n'kusiya tisanaone kanthu.

Kenako petulo. Mapu omwe ali m'galimoto za ku Japan za mtundu uwu anapangidwira petulo wa octane yokwera, pafupifupi 100 RON, yemwe kuno kulibe. Wathu amasakanizidwanso ndi ethanol wa ku Chikwawa ndi ku Dwangwa, n'chifukwa chake wideband yanga ndimaiwerenga mu lambda osati AFR (njira ziwiri zowerengera mpweya poyerekeza ndi petulo; nambala ikatsika ndiye kuti petulo wachuluka), popeza lambda sasintha tanthauzo ethanol akachuluka kapena kuchepa. Sankhani filling station imodzi ndipo muzithira pomwepo nthawi yonse yomwe mukuyesa. Petulo wa m'zigubu, yemwe amadzaza m'misewu ya ku Limbuli ndi ku Muloza mafuta akasowa, asalowe mu thanki imeneyi. Simudziwa chomwe chathiridwamo.

Musanasinthe kalikonse, lumikizani mapulagi obiriwira a mawaya a pansi pa chiwongolero, tulutsani mapu oyambirira ndi EcuFlash, muwasunge malo atatu. Batire la galimoto likhale lodzaza.

Tsopano log yeniyeni. Mu RomRaider musachonge chilichonse chomwe mwaona, chifukwa manambala akachuluka kompyuta imawerenga mwaulesi. Ine ndimatenga RPM, throttle, boost (presha ya mpweya wochokera mu turbo) yomwe ilipo ndi yomwe ECU ikufuna, wastegate duty (yowongolera boost), timing (nthawi yomwe pulagi imayatsa moto), injector duty (kutanganidwa kwa ma injector othira petulo), kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya, lambda, ndi atatu a knock: IAM, feedback knock correction ndi fine learning knock correction. Injini ikatentha bwino, ikani giya 3, yambirani pa 2,500 RPM, pondani moto mpaka pansi osabweza phazi kufikira pafupi ndi mzere wofiira. Mnzanu agwire laputopu, inu maso pamsewu. Izi sizochitira pa msewu wa Limbe kupita ku Muloza, pomwe pali a kabaza, ana a sukulu ndi amayi osenza nthochi ndi zinanazi. Ine ndinapempha malo otsekedwa kwa mwini wake, ndipo pachipata pamakhala munthu.

Mukatsegula fayilo ija, yang'anani zinayi. IAM pa ECU ya chaka chimenechi iyenera kukhala pa 16. Ikatsika, injini ikudziteteza ku petulo woipa kapena timing yochuluka. Manambala a knock akhale 0, ndipo a minus obwerezabwereza pa RPM imodzimodzi pamene boost yakwera ndi chenjezo. Lambda pa boost yonse ikhale pakati pa 0.75 ndi 0.80. Injector duty isadutse 90 peresenti.

Apa ndiye pomwe ndinaphera injini, ndipo ndikupemphani muwerenge modekha.

Ma log anga oyamba ndinatenga mu June, m'mawa wa chiperoni. Amene timakhala kuno tikuchidziwa: nkhungu yaphimba phiri la Mulanje, kamvula kowaza, mphepo yolowa m'mafupa. Turbo imakonda nyengo imeneyi. Ndinathamanga katatu, ndikupumira pakati, ndipo knock inali 0 paliponse, IAM ili pa 16. Ndinawonjezera timing madigiri awiri, ndinakwezako boost pang'ono, ndinayesanso, zonse zili bwino. Ndinatseka laputopu n'kunena kuti ntchito yatha.

Mu October, dzuwa lili phwee, ndinapita kukayeserera monga momwe zimakhalira pa bwalo: kuponda moto, kugwira buleki, kukhota, kupondanso, kwa mphindi pafupifupi 15 osapuma. Laputopu ndinaisiya kunyumba. Chakumapeto ndinamva kaphokoso ngati timiyala m'chitini, kenako utsi wabuluu kumbuyo. Titayeza compression, silinda 4 inali pansi. Titatsegula tinapeza pisitoni yasweka m'mphepete mogwirira maring'i. Galimoto inakhala pa miyala miyezi inayi, ndipo ndalama yomwe ndinasungira ulendo inathera ku mapisitoni ndi ma gasket. Zinandipweteka kwambiri, makamaka chifukwa chenjezo likanaoneka poyera mu log ndikanaitenga.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti sensa ya kutentha kwa mpweya pa galimoto imeneyi ili mu MAF, chipangizo choyeza mpweya wolowa, pafupi ndi air filter, mpweya usanalowe mu turbo. Imakuuzani kutentha kwa mpweya wozizira womwe ukulowa, osati womwe watuluka mu turbo utafinyidwa n'kutentha. Intercooler nayo ili pamwamba pa injini, ndiye mukathamanga motsatizana imamwerera kutentha mpaka kusiya kuziziritsa. Mpweya wotentha umapangitsa petulo kuphulika yekha nthawi isanakwane, ndipo kugogoda kumeneko ndi kumene kumaswa pisitoni. Timing yomwe inali yabwino pa chiperoni inali yakupha mu October.

Injini itamangidwanso ndinaika sensa yachiwiri kuseri kwa intercooler. Pothamanga kachisanu motsatizana, ya mu MAF inkanena madigiri 30 ndi kanthu pomwe yatsopanoyo yadutsa 60. Knock inkayambira pomwepo, pothamanga kachinayi ndi kachisanu, osati koyamba. Choncho log yokonzera galimoto ya pa bwalo muzitenga masana otentha, mosalekeza kwa mphindi zofanana ndi zomwe mukathamange kumeneko, ndipo muziwerenga kwambiri chakumapeto kwa fayilo. Mapu anu agwirizane ndi mphindi zomalizazo. Kunena zoona, ine ndimalola kutaya mphamvu pang'ono kusiyana n'kuona nambala ya minus ngakhale imodzi pa boost.

Kusintha mapu n'kosavuta mukadziwa pomwe pavuta. Pezani RPM ndi load (kulemedwa kwa injini) pomwe knock yaonekera, chotsani digiri imodzi kapena ziwiri za timing m'mabokosi amenewo a mapu ndi oyandikana nawo kuti mapu asakhale ndi zigwembe. Lambda ikakwera kudutsa 0.80, wonjezerani petulo. Boost ikamadumpha kupitirira yomwe ECU ikufuna, tsitsani wastegate duty. Sinthani chinthu chimodzi, lembani mu ECU, tenganinso log. Fayilo iliyonse muitchule ndi tsiku komanso nyengo yake.

Mukafika ku bwalo, tenganinso log pa maulendo oyamba. Dera la Pretoria ndi lokwera kupitirira mamita 1,300, mpweya ndi wopepuka kuposa wa kuno kumunsi kwa phiri, ndiye turbo imazungulira kwambiri kuti ifike pa boost yomweyo, ndipo petulo wa 95 wa kumeneko ndi wina. Ikani geji ya kutentha ndi presha ya oyilo, chifukwa pokhota mwamphamvu oyilo amathawira mbali imodzi ya sampu. Brake fluid akhale watsopano. Mukamaliza, zungulirani kamodzi pang'onopang'ono, ndipo injini ilire mphindi ziwiri musanazimitse kuti turbo izizire.