Mmene mungayezetsere khansa ya khomo la chiberekero mu Blantyre

Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse, komabe imayamba pang'onopang'ono, ndipo pamapita zaka kuchokera pamene kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansayi, kalowa m'thupi kufikira pamene matenda akhazikika. Nthawi yoyenera kuyezetsa ndi imene simukumva kupweteka kulikonse. Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa makamaka amayi a zaka 25 mpaka 49.

Simufunika kuyambira ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Pitani kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe kapena Chilomoni, mukafunse tsiku limene amayeza, ndipo m'zipatala za boma simulipira kanthu. Sankhani tsiku limene simuli kumwezi, tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo mulawire, chifukwa mzere umatalika dzuwa likakwera. Ngati mukuganiza kuti muli ndi pakati kapena mukumwa ma ARV, auzeni anamwino asanayambe. Amayi amene ali ndi HIV amayezedwa pafupipafupi chifukwa matendawa amakula msanga chitetezo chikatsika.

Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa. Mumagona chagada, anamwino amalowetsa kachipangizo kotsegula njira kuti aone khomo la chiberekero, kenaka amapakapo viniga ndi thonje n'kudikira pafupifupi mphindi imodzi. Malo amene ayamba kusintha amayera, ndipo zotsatira mumazimva tsiku lomwelo. Mphekesera yakuti amatulutsa chiberekero n'kuchibwezeramo ndi yabodza, ngakhale kuti yabweza amayi ambiri panjira. Manyazi okha ndiwo ovuta, ndipo amachepa mukatsagana ndi mnzanu wa kumpingo kapena wa ku banki m'khonde.

Akapeza malo oyera, sizitanthauza kuti muli ndi khansa. Nthawi zambiri ndi chiyambi chabe, chimene amachithetsa potentha pamalopo ndi kachipangizo, mwina tsiku lomwelo. Pambuyo pake mudzaona chikazi chamadzimadzi kwa masabata angapo, ndipo mudzauzidwa kuti musagone ndi bambo kwa masabata pafupifupi anayi kuti chilonda chipole. Nkhani imeneyi ndi bwino kukambirana ndi bambo a kunyumba musanapite n'komwe, chifukwa mkangano wake ukabuka mutabwerako, amene amavutika ndi inu amene muli ndi chilonda. Mukataya magazi ambiri, mukatentha thupi kapena chikazi chikayamba kununkha, bwererani kuchipatala msanga.

Malowo akakhala aakulu kapena okayikitsa, amakutumizani ku Gulupu kuti akadule kanyama kokapima. Musasunge kalatayo m'chikwama n'kuyamba mwayesa zitsamba, pakuti miyezi imene imatayika pamenepa ndiyo imasandutsa matenda ochizika kukhala osachizika. Chimodzimodzinso, amene mukutaya magazi mukagona ndi bambo, kapena mwayambanso kutaya magazi mutasiya kale kusamba, pitani kuchipatala sabata lomwelo posayang'ana zaka zanu.

Akakupezani kuti muli bwino, onetsetsani kuti tsiku lobwereranso lalembedwa m'buku lanu, chifukwa kuyezetsa kamodzi sikukwanira. Ngati muli ndi mtsikana wa zaka 9, funsani azaumoyo za katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.