Matayala ankakhula pa madigadi nditatsitsa galimoto

Nditaika masipuling'i aafupi, galimoto inatsika bwino ndithu, koma ndikangodutsa pa hampu kapena kukweza anthu kumbuyo, kunkamveka kukhula kwa rabala. M'mbali mwa tayala munayamba kuoneka kamzere kosalala ngati podulidwa ndi lezala.

Kuwonjezera mpweya sikunathandize. Kudula pulasitiki ya mkati mwa madigadi kunangochepetsa phokoso pang'ono.

Chinandithandiza kwambiri ndi choko. Ndinapaka choko m'mphepete mwa madigadi ndi paphewa la tayala, ndinakweza katundu kumbuyo, ndikuyenda pamsewu wa mabampu. Pamene choko chinafufutika ndi pomwe pankakhudzana: phewa lakunja la tayala ndi mkombero wachitsulo wa madigadi. Vuto linali m'lifupi osati kutalika kokha.

Matayala anga anali 225/45 R17. Nambala yoyamba ndi m'lifupi mu mamilimita, 45 ndi peresenti ya m'lifupiwo yomwe imapanga khoma la tayala. Ndinasintha n'kuika 215/45 R17 pa marimu omwewo. Tayala linachepa ndi mamilimita 5 mbali iliyonse, ndipo kutalika kwake konse, kuchoka pansi kufika pamwamba, kunatsika kuchoka pa mamilimita 634 kufika pa 625, kusiyana kosafika 2 peresenti, ndiye spidomita imangowerenga mopitirira pang'ono. Musanagule onani load index, nambala ya pa tayala yosonyeza kulemera kumene lingasenze, isatsike kuposa imene galimoto yanu imafuna.

Kukhulako kukapitirira, yang'anani ET ya rimu, nambala yosonyeza mmene rimu imalowera mkati kapena kutulukira kunja. ET45 imalowetsa tayala mkati mamilimita 10 poyerekeza ndi ET35, koma onetsetsani kuti silikugunda shoko. Matayala akutsogolo ayeseninso mutapinda chiwongolero mpaka mapeto mbali zonse ziwiri.